Mwana wanga walemba mayunivesite 17, ndimuletse?

Funso

Ndine bambo wa ana anayi, ndimakhala ku Chiputula ndipo ndimagulitsa zitsulo ndi zipangizo zomangira mumsika waukulu wa Mzuzu. Mwana wanga woyamba, wamkazi, wakhoza MSCE ndi mapointi 8. Ine ndimati alembe fomu ya NCHE yofunsira malo m'mayunivesite a boma basi, tidikire mayina atuluke. Koma usiku wathawu wandionetsa mndandanda wa mayunivesite 17, ambiri a ku America: Harvard, Yale, MIT ndi ena oti lilime langa likukanika kuwatchula. Akuti anzake okhoza bwino akuchita zomwezo. Ndinamuuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, nanga 17? Iye mwini akuvomera kuti malo amenewa amatenga anthu ochepa zedi. Ndiye ana amenewa amavutikiranji kulembera ambirimbiri? Ndimuletse?

Yankho

Bambo, poyamba mumugwire chanza mwanayo m'malo mwanga. Mapointi 8 satola panjira. Ndakhala ndikulangiza ana a Fomu 4 muno mu Mzuzu kwa zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse zotsatira zikangotuluka pamabwera kholo ndi funso lanu lomweli, nkhope ili ngati ya munthu amene am'bweretsera bilu ya madzi ya nyumba ya eni ake. Musamuletse. Koma musamusiyenso yekha ndi mndandandawo. Nambala ya 17 payokha sikundiopsa. Chomwe ndikufuna kudziwa n'chakuti mayina 17 amenewo ndi osiyana mitundu, kapena ndi dzina limodzi lolembedwa ka 17.

Mwambi wa mapanga mwaunena bwino, koma unanenedwa za munthu amene mapanga onse awiri ali pululu, iye n'kumazengereza pakati mpaka mvula itam'peza. Mwana wanu sali pamenepo. Mapanga amene akuthamangirawo ali ndi mlonda pakhomo, ndipo mlondayo amabweza pafupifupi aliyense. Mu 2022 Harvard inalandira makalata ofunsira malo 61,220 n'kutenga ana 1,954, ndiye kuti atatu okha pa 100 alionse. Mu 2024 ofunsira anali 54,008, otengedwa 1,937. Yale, Princeton, Columbia, Stanford ndi MIT nawonso sapitirira 6 pa 100. Ndipo musaganize kuti obwezedwawo ndi mbuli. Ambiri mwa iwo kusukulu kwawo anali nambala wani, ngati mwana wanuyu.

Chomwe chimatisokoneza ife makolo a kuno n'chakuti tinazolowera kuti mapointi ndiye amalankhula. Mwana akakhala ndi 1 pa Biology, 1 pa Chemistry ndi 2 pa Masamu, aphunzitsi amatha kuyerekeza komwe angagwere, ndipo kawirikawiri saphonya kwambiri. Ku America, m'mayunivesite apamwambawa, mulibe mzere woti ukaudumpha walowa. Amayang'ana magiredi, inde, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Koma amawerenganso nkhani zimene mwanayo walemba za moyo wake, makalata a aphunzitsi omuchitira umboni, ndi zomwe amachita akaweruka: kodi amathandiza pashopu, amaphunzitsa ana anzake, anayambitsapo kanthu? Akatero amakhala pansi n'kuumba kalasi ya chaka chimenecho.

Ana ndimawafotokozera ndi kwaya. Mtsogoleri wa kwaya akafuna anthu 30 opita nawo ku msonkhano waukulu wa mpingo, satenga 30 oimba bwino kuposa onse. Akakhala kale ndi masoprano khumi, wotsatirayo amatsala ngakhale mawu ake akhale onga a mngelo, pomwe mnyamata wa besi wongoyesera amakwera lole chifukwa mabesi ndi osowa. Mwana wanu sangadziwe kuti chaka chino ku Yale masoprano achuluka kapena ayi. Ngakhale ine sindingadziwe, ndipo aliyense wokuuzani kuti akudziwa akufuna ndalama zanu. Munthu amene sangathe kuyeza mwayi wake pakhomo limodzi amagogoda pamakomo ambiri. Chifukwa choyamba n'chimenecho, ndipo si chopusa.

Chachiwiri ndiye chachikulu kwa ife Amalawi, ndipo makolo ambiri sachidziwa. Inu mukuona ngati mwanayo wasankha mayina akuluakulu chifukwa cha matama. Mwina matama alipo pang'ono, tifikako. Koma nkhani yeniyeni ndi ndalama. Chaka chimodzi pa yunivesite ngati zimenezi, kuphatikiza fizi, chakudya, pogona, mabuku ndi inshuwalansi ya chipatala, chimaposa madola 80,000. Pa mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola, ndi ndalama zoposa K140 miliyoni, ndipo zaka zake ndi zinayi. Mutagulitsa shopu, nyumba ndi munda wa kumudzi, mwina mungakwanitse chaka choyamba chokha.

Tsono zodabwitsa zake n'zakuti mayunivesite ovuta kulowawo ndi omwenso ali olemera kwambiri, ndipo ali m'gulu la ochepa amene angamulipirire mwana wa ku Chiputula zonse. Harvard ili ndi thumba la chuma choposa madola 50 biliyoni chomwe chimabereka chaka ndi chaka. Pali kagulu kochepa, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin, kamene kamalonjeza zinthu ziwiri ngakhale kwa mwana wochokera kunja: posankha sayang'ana m'thumba mwa bambo ake, ndipo akamutenga amalipira zonse zimene banja silingathe. Iwo amati need-blind. Ena ambiri ndi need-aware, kutanthauza kuti ndalama zothandizira ana akunja zili ndi malire, ndipo mwana akalemba kuti akufuna thandizo lonse, mwayi wake umatsika pompo.

Ndiye taonani msampha wake. Mwana wa ku America wokhoza bwino ali ndi yunivesite ya m'dera lakwawo yomwe akudziwa kuti imutenga pa mtengo wotsika, ndipo boma lawo limam'thandiza kapena kum'kongoza. Ndiko kumakhala kothawira kwake. Mwana wanu kothawira koteroko ku America alibe. Yunivesite yosavuta kulowa imamutumizira kalata yokongola yomuyamikira, imamuchotserako pang'ono, n'kumusiyira madola masauzande makumimakumi oti apeze yekha chaka chilichonse. Ndaonapo makalata otere angapo. Mwana amavina nawo tsiku loyamba, tsiku lachiwiri amawerenga tsamba lachitatu, tsiku lachitatu amaisunga m'sutikesi. Kwa mwana wosauka wa kunja, kulowa Harvard n'kovuta koma kulipira n'kotheka. Kulowa yunivesite wamba n'kosavuta koma kulipira n'kosatheka. N'chifukwa chake mndandanda wake wadzaza mayina oopsa okhaokha. Ndipo ngati atatengedwa malo awiri, amatha kuika makalata a thandizo pambali pa linzake n'kuona kuti ndani akulipiranso tikiti ya ndege ndi zovala za nyengo yozizira, chifukwa kuzizira kwa Juni kwa muno mu Mzuzu kumene timadandaula nako, kumeneko ndi masewera.

Chifukwa china n'chakuti kulembera ambiri kunaphweka. Kuli fomu imodzi ya pa intaneti yotchedwa Common App, yomwe inayamba mu 1975 ndi makoleji ochepa chabe koma lero ili ndi oposa 1,000. Mwana amalemba mbiri yake kamodzi, nkhani yake yaikulu kamodzi, n'kumangowonjezera mayina mpaka 20, omwe ndi malire ake. Mukafuna umboni woti lamulo ndi lomwe limaumba khalidwe, yang'anani ku UK. Kumeneko fomu yawo ya UCAS imalola zisankho zisanu zokha, zofuna udokotala zisapitirire zinayi, ndipo sungalembere Oxford ndi Cambridge chaka chimodzi. Ana a kumeneko sadwala nawo matenda a mayina 17 chifukwa bokosi lake palibe.

Ndipo zinthuzi zimadzidyetsa zokha. Ana akalembera malo ambiri, yunivesite iliyonse imalandira makalata ochuluka pomwe mabedi m'mahostelo ndi omwe aja. Chiwerengero cha otengedwa pa 100 chimatsika. Ana a chaka chotsatira akaona chatsika amachita mantha, n'kulembera ochulukirapo. Mu 2020, chifukwa cha Covid-19, mayunivesite ambiri anasiya kukakamiza mayeso olowera ku yunivesite otchedwa SAT, ndipo makalata anasefukira kuposa kale. Mayunivesitewo sadandaula kwenikweni, poti kubweza anthu ambiri kumawakweza dzina. Mwana akalandira imelo yochokera ku yunivesite yotchuka yomuitana kuti alembere, asaganize kuti amuona. Amatumizira anthu miyandamiyanda.

Za matama zija, tisanamizane, zilipo. Pagulu la WhatsApp la anzake, amene walembera 18 amaoneka wolimba mtima kuposa amene walembera 6. Ana onse amadziwa za William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi kumudzi kwawo ndipo anamaliza maphunziro ku Dartmouth mu 2014. Chomwe amaiwala n'chakuti asanafike ku Dartmouth anadzera ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo dziko linali litamudziwa kale. Palinso china cha kuno kumpoto chomwe sindingachibise. Sukulu kuno ndi ngati chipembedzo kuyambira masiku a mishoni ya Livingstonia ku Khondowe, ndipo makolo ambiri akukumbukira zaka za quota, pomwe mwana wa mapointi abwino ankatha kutsala chifukwa cha boma lomwe akuchokera. Boma linalengeza kuti laithetsa mu 2020, koma mtima wosakhulupirira khomo limodzi unatsalira m'mabanja. Ana anaumva pa nsima, ndipo akuuchita pa intaneti.

Mpaka pano ndakhala ngati loya wa mwana wanu. Tsopano nditembenuke.

Ana okonda masamu amabwera kwa ine ndi kuwerengera uku: ngati mwayi pa yunivesite iliyonse ndi 5 pa 100, kulembera 10 kumakweza mwayi wopeza malo amodzi kufika pa 40 pa 100, ndipo kulembera 20 kumafikitsa pa 64. Pa bolodi masamuwo ndi olondola. Koma amagwira ntchito pa maere, pomwe kuponya kwachiwiri sikudziwa zomwe zinachitika pa koyamba. Apa si maere. Magiredi omwe apita ku Harvard ndi omwewo apita ku Princeton. Nkhani yake yaikulu ndi imodzi. Makalata a aphunzitsi ndi omwewo. Owerenga ake ndi anthu ophunzitsidwa mofanana, ofuna zinthu zofanana. Ngati nkhaniyo ili yozizira, yazizira malo onse 17 tsiku limodzi. Komanso 5 pa 100 ujayo ndi wa anthu onse pamodzi, kuphatikizapo ana a ku America komweko, othamanga a matimu awo ndi ana a omwe anaphunzira pomwepo. Wa mwana wakunja wofuna thandizo lonse amakhala wotsikirapo.

Inu bambo mukudziwa za ulimi kuposa ine. Munthu amene ali ndi minda isanu m'dambo limodzi, yonse wadzala chimanga cha mtundu umodzi sabata imodzi, angadzitame kuti ali ndi minda isanu. Madzi akasefukira amazindikira kuti anali ndi munda umodzi. Agogo athu ankadzala chimanga kumtunda, mpunga kudambo, chinangwa cha kondowole pambali, ndi kadimba ka mpiru kumtsinje. Mndandanda wa mwana wanu muuyang'ane ndi diso limenelo. Chinangwa chake chili kuti?

Palinso mtengo wina umene ana sauona mu Seputembala koma amaumva mu Disembala. Common App ndi imodzi, inde, koma pafupifupi yunivesite iliyonse yapamwamba ili ndi timafunso take towonjezera: chifukwa chiyani ukufuna kuno osati kwina, udzaphunzira chiyani, udzabweretsa chiyani pakati pathu. Ena amafunsa tiwiri, ena tisanu. MIT siili n'komwe pa Common App, ili ndi fomu yakeyake. Mayina 17 angathe kubala nkhani 40 kapena kuposa, zonse m'Chingelezi chosalala, zonse zofuna kuti mwanayo aidziwe yunivesiteyo mkati mwake.

Chaka china ndinali ndi mnyamata wa ku Zolozolo, wanzeru zoopsa pa Physics, amene anadzaza mabokosi onse 20. Tsiku lomaliza la Disembala tinali awiri m'kalasi yopanda anthu, kunja kuli mvumbi, magetsi atazima kuyambira masana. Laputopu yanga inali itatsala pang'ono kuzima, intaneti tikukoka pa foni yake yosweka galasi, bandulo ikutha ngati madzi m'dengu. Anali ndi nkhani zisanu ndi ziwiri zoti amalize usiku umenewo. Anachita zomwe wotopa aliyense amachita: anatenga ndime imodzi n'kumaiika paliponse, akungosintha dzina la yunivesite. Pamalo amodzi anaiwala kusintha. Kalata inapita ku yunivesite ina ikulumbira kuti maloto ake onse kuyambira ali mwana ndi kudzaphunzira pa inzake. Tinaona titadina kale batani. Mlanduwo ndi wanganso, chifukwa anandipatsa kuti ndiwerenge ndipo ndinangoyendetsa maso. Koma ngakhale zina 19 zija, zikanakhala za munthu wina n'kundipatsa kuti ndiweruze, ndikanati mwanayu sakudziwa kumene akulembera. Kumapeto kwa Malichi mayankho anabwera motsatizana, usiku uliwonse limodzi kapena awiri, ambiri oyamba ndi mawu aulemu opepesa. Awiri anamuika pa mndandanda wodikira, womwe sunasunthe. Chinam'pulumutsa ndi mayi ake, amene anakana kumupatsa ndalama ya bandulo mpaka atawaonetsa risiti ya fomu ya NCHE. Anaphunzira zoyeza malo ku Mzuni, pa Luwinga pompa, ndipo tikakumana m'tauni amayamba yekha kuseka za kalata ija.

Mtsikana wina wa chaka chotsatira analembera 9 zokha. Imodzi inali koleji yaing'ono yomwe bambo ake anali asanaimvepo, ndipo anafunsa ngati ili yovomerezeka n'komwe. Ndi yomweyo inamutenga n'kumulipirira zonse. Sindikunena kuti 9 ndi nambala ya mankhwala. Ndikungoti iye nkhani iliyonse anailemba katatu, ndipo ndinali ndi nthawi yoiwerenga ndili maso.

Tikambe za m'thumba mwanu, poti ndikudziwa ndi pomwe mtima uli. Mayunivesite amenewa amalipiritsa madola pakati pa 70 ndi 100 pongolandira fomu. Tikati 80 kuchulukitsa ndi 17, ndi madola 1,360, pafupifupi K2.4 miliyoni pa mtengo wa kubanki, ndipo inu oitanitsa katundu mukudziwa mmene dola ikusowera kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma musakomoke. Pali chomwe amati fee waiver: mwana wa banja losapeza bwino amapempha pa Common App pomwepo kuti asalipire, mphunzitsi womulangiza kapena ahedi amatsimikizira, ndipo mayunivesite ambiri olemerawa amavomera. Mumufunse ngati wapempha. Ngati sanapemphe, musatulutse ngakhale tambala. Zomwe zimavuta kuzemba ndi zina. Mayeso a SAT kwa wolembera kunja kwa America amaposa madola 100, ndipo anabwereranso: MIT inayambanso kuwafuna mu 2022, Dartmouth, Brown ndi Harvard analengeza zomwezo mu 2024. Ngati malo olembera apezeka ku Lilongwe, onjezani basi ya makilomita oposa 350 ndi pogona. Fomu yofotokoza chuma cha banja yotchedwa CSS Profile ndi madola 25 pa yunivesite yoyamba ndi 16 pa iliyonse yotsatira, ngakhale ena amapereka njira yaulere mwana akawalembera kupempha. Apa mpomwe dzina lililonse lowonjezera limaluma.

Ndipo chenjerani ndi madobadoba a masikolashipu amene adzaza pa Facebook, olonjeza malo otsimikizika mukawatumizira ndalama pa foni. Malangizo enieni a boma la America, a EducationUSA, ndi aulere, ndipo ku American Corner ya pa Mzuni mwana angakafunse poyambira.

Ngati pamndandandapo pali mayina a ku UK, muwaonetsetse. Mayunivesite ambiri kumeneko amaiona MSCE ngati ya mulingo wa O-Level, ndipo amafuna A-Level, dipuloma ya International Baccalaureate (IB) kapena chaka chokonzekera chomwe chili ndi fizi yakeyake. Thandizo la ndalama la digiri yoyamba kwa ana akunja nalonso ndi lochepa kwambiri kumeneko. Ngakhale ku America komwe MSCE amailandira, mwana wanu akupikisana ndi anzake a ku Kamuzu Academy ndi sukulu zina zomwe zimaphunzitsa A-Level, komanso a ku Kenya, Ghana ndi Nigeria omwe ali ndi alangizi ochita ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku. Sindikunena izi kuti agwe mphwayi. Ndikunena kuti adziwe bwalo lomwe walowa.

Tsono chinangwa chija. Choyamba ndi fomu ya NCHE yomwe inu mukuinena, ndipo pamenepa muli ndi chilungamo chonse: ailembe, ndipo ailembe mofatsa, osati ngati chinthu chongokwaniritsa lamulo la adada. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komatu matenda a mayina akuluakulu okhaokha aliponso kwathu konkuno. Mayunivesite a boma ndi 6: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni, ndipo malo ndi ochepa poyerekeza ndi ana oyenera. Chaka chilichonse ndimaona mwana wa mapointi 12 kapena 14 atadzaza mabokosi onse ndi udokotala, pharmacy ndi mapologalamu ena omwe aliyense wokhoza bwino akuwathamangira, kenako mayina akatuluka lake palibe, pomwe mnzake wa mapointi 20 amene anasankha mwanzeru watengedwa. Ndi mapointi 8 mwana wanu ali pabwino, koma aikebe pansi pa mndandandawo pologalamu imodzi kapena ziwiri zomwe angazikonde ndipo sizilimbiranidwa kwambiri. Pa Mzuni pompa pali optometry, zamaso, yomwe ana ambiri amaidumpha chifukwa sanaimvepo, palinso za mphamvu ya dzuwa ndi mphepo, zankhalango ndi zansomba.

Pakati pa Mzuni ndi Harvard pali minda ina yomwe ana athu amaiiwala chifukwa siimveka kwambiri pa WhatsApp. Mastercard Foundation Scholars Program, yomwe inayamba mu 2012, yakhala ikulipirira ana a mu Africa zonse m'mayunivesite monga Ashesi ku Ghana, Makerere ku Uganda, Pretoria ndi Cape Town ku South Africa, ndi ena ku Canada. Nakonso mpikisano ndi waukulu, koma osankha ake akufuna mwana wa mu Africa wa banja losapeza bwino, ndiye kuti mwana wanu si mlendo wopempha malo, ndi amene mpandowo anaupangira. Ngati zaka zake zikulola, aonenso African Leadership Academy ndi masukulu a United World Colleges (UWC), monga Waterford Kamhlaba ku Eswatini. Kumeneko amaphunzira zaka ziwiri asanapite ku yunivesite, ndipo ana ambiri a mu Africa amene mumamva kuti alowa mayunivesite otchuka a ku America anadzera njira yoteroyo. Zaka ziwiri zimaoneka zambiri kwa mwana wa zaka 17. Kwa inu ndi ine tikudziwa kuti ndi dzulo ndi dzana.

Pali chifukwa chinanso chosaikira mbewu zonse ku America. Kalata ya yunivesite si viza. Malamulo a viza a dziko limenelo akhala akusinthasintha kwambiri kuyambira 2025, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko omwe akhudzidwa. Asanathere miyezi itatu pa nkhani 40, afunse ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kapena kwa a EducationUSA mmene zinthu zilili pa viza ya ophunzira panopa. Limeneli likhale funso loyamba, chifukwa yankho lake lingasinthe mndandanda wonse.

Mwina adzakutchulirani za Early Decision. Imeneyi ndi njira yolembera yunivesite imodzi msanga, kawirikawiri pofika pa 1 Novembala, n'kulonjeza kuti akakutenga upita komweko ndipo kwina konse usiya. Otengedwa pa njira imeneyi amakhala ochulukirapo pa 100 alionse kusiyana ndi olembera pa nthawi wamba ya mu Januwale, koma ndi lonjezo lomanga, ndipo inu kholo mumasainira nawo. Ndimalola mwana kuchita zimenezi pokhapokha yunivesiteyo italemba poyera kuti imalipira zonse zimene banja la mwana wakunja silingathe.

Ndiye muchite chiyani? Loweruka mukatseka shopu, mukhale naye pansi ndi kope, ngati mmene mumawerengera katundu kumapeto kwa mwezi. Musayambe ndi kukalipa. Mutchule dzina loyamba, iye akuuzeni chomwe akaphunzire kumeneko, ngati amalipirira zonse mwana wakunja, ndi nkhani zingati zomwe akufuna. Simukuyenera kudziwa Chingelezi cha ku Boston kuti mugwire ntchito imeneyi. Mumadziwa kale kusiyanitsa kasitomala wodziwa chomwe akufuna ndi wongoyendayenda m'shopu. Dzina lomwe sangalifotokoze kwa mphindi ziwiri popanda kunena kuti "ndi yotchuka", lidulidwe. Lomwe silipereka thandizo lonse kwa ana akunja lidulidwe ngakhale alikonde bwanji. Mudzaona 17 ija ikutsika yokha. Kwa mwana amene akulembera pa foni ndi laputopu yobwereka, ine ndimakonda mayina 8 mpaka 10 a kunja, atatu kapena anayi okha akhale a zimphona zija, ena akhale makoleji ang'onoang'ono olemera ndi a mu Africa muno, kuwonjezera pa fomu ya NCHE. Amenewa ndi maganizo anga, si lamulo. Akakuumirirani kuti atsale 12 ndipo aliyense wamufotokoza bwino, musiyeni.

Palinso ntchito yanu inuyo yomwe mwina sanakuuzeni. Fomu ya chuma cha banja idzafunsa ndalama zimene shopu inalowetsa chaka chatha, zimene munawononga, anthu amene mumawadyetsa, fizi ya ana atatu enawo, ngakhale mtengo wa nyumba ngati ili yanu. Wantchito ya boma amangotulutsa payslip. Inu a bizinesi mudzafunika kope lanu la malonda, malisiti ndi sitetimenti ya kubanki. Muyambe kuzisonkhanitsa tsopano, ndipo mulembe zoona, osachepetsa pofuna chifundo komanso osakulitsa pofuna ulemu, chifukwa amatha kupempha umboni. Mwanayo apite kusukulu kwake sabata ino akapemphe magiredi ake a Fomu 1 mpaka 4 odindidwa ndi ahedi, alankhulenso ndi aphunzitsi awiri omudziwa bwino za makalata aja teremu isanafike pa mayeso, chifukwa mphunzitsi amene ali ndi mulu wa mapepala ochonga amalemba mizere itatu yoti mwanayu ndi womvera ndi waulemu, ndipo mizere itatu yotero siithandiza kanthu. Pasipoti nayo ngati alibe, akayambe kuifunsira mwezi uno.